Kamphepo Athamangitsa Kompyuta ya Bambo

1. Bokosi lotuwa

Kunyumba kwawo ankamutchula kuti Kamphepo. Dzinali anamupatsa ndi amayi ake ali wamng'ono, chifukwa sankatha kukhala pamalo amodzi. Ukamutuma madzi, ankafika nawo theka, ena onse atamwetsa njira. Tsopano anali mtsikana wa ku sekondale, wanzeru m'kalasi, koma kudikira ankadana nako ngati mankhwala owawa.

Pabalaza pawo, pafupi ndi windo, panali katebulo komwe mwendo wake umodzi anauchirikiza ndi katoni yopinda. Pakatebulopo panali kompyuta ya bambo ake: bokosi lotuwa, sikirini yokhala ndi mzere wobiriwira m'mbali, ndi kiyibodi yofufutika zilembo. Inali yotsika mtengo, ziwalo zake zotolatola. Ikayaka inkalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Koma m'nyumba monsemo munalibe chinthu cholemekezeka kuposa bokosi limenelo.

Bambo ake anagwira ntchito zaka zambiri pakampani ina yosindikiza mabuku. Kampaniyo itatsekedwa, anangokhala. Ankadzuka, n'kukhala pakhonde, n'kumayang'ana msewu mpaka dzuwa kulowa. Ndevu anasiya kumeta. Kuseka anaiwala. Ndiye tsiku lina amayi anagulitsa makina awo osokera, nabwera atasenza bokosi lotuwalo. Kuyambira pamenepo bambo anayamba kukonzera anthu makadi, zikwangwani ndi timabuku. Anayambanso kuimba mluzu posamba.

Tsopano ntchito yaikulu inali itawapeza. Sukulu ina inawapatsa magazini yake ya chaka kuti ayikonze. Zithunzi za ana, ndakatulo zawo, nkhani za aphunzitsi, zonse zinali m'bokosimo. Anali atavutika nayo miyezi, ndipo mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo ankabwera kudzaitenga Lolemba.

Loweruka m'mawa bambo anavala jekete kuti akaone mkulu wawo yemwe anagonekedwa m'chipatala. Amayi anali atapita kale kusitolo komwe ankagulitsa. Atafika pakhomo, bambo anabwerera.

"Kamphepo, tabwera kuno," anatero. "Ndakulola kugwiritsa ntchito kompyutayi chifukwa ndikuona kuti mutu uli nawo. Koma undimvetsetse. Chinthu ichi n'chokalamba ngati ine ndemwe. Chimayenda pang'onopang'ono, koma chimafika. Chikamachedwa usachimenye, usachikakamize, usachitsegule. Pita ukatsuke mbale, pobwera udzapeza chasuntha. Ine kukampani kuja ndinaona makina akuluakulu akufa chifukwa cha anyamata ofuna kuweruka msanga. Munthu mmodzi akankha makina lero kuti apite kwawo dzuwa likadalipo, mawa lake anthu onse ali manja lende. Amayi ako anasiya kusoka kuti ine ndikhale ndi chogwira. Ukamakhudza bokosi ili uzikumbukira zimenezo. Wamva?"

"Ndamva, Bambo."

Anayankha maso ali pasikirini.

2. Msuweni wodziwa zonse

Kamphepo naye anali ndi yake ntchito. Kusukulu kwawo kunali mpikisano wa timakanema ta zithunzi zojambula. Opambana ankapita kukaphunzira luso limeneli patchuthi, kwa akatswiri enieni. Iye anajambula nkhani ya kagalu kosochera m'tauni, ndipo aliyense amene anaona zithunzizo anati palibe angamupose.

Tsiku lomaliza kupereka linali Loweruka lomwelo. Mphunzitsi wa makompyuta anati akhala kusukulu mpaka masana, akatseka chitseko ndiye kuti watseka. Kamphepo anali atapatsidwa nthawi yokwanira, koma ankangosinthasintha mchira wa kagalu kake mpaka masiku anamuthera.

Chinatsala n'chimodzi: kompyuta isonkhanitse zithunzi zonse zija kuti zikhale kanema. Anzake ntchito imeneyi ankaitchula kuti kuphika. Anadina batani, pasikirini n'kuoneka kamzere koyenera kudzaza. Anatsuka mbale, nabwera. Anasesa pabwalo, nabwera. Kamzereko kanali katangosuntha ngati nkhono. Pa liwiro limenelo, kanemayo akanapsa mawa.

Ali chigwirire mutu, analowa msuweni wake. Anali mnyamata wamkulu ndithu, wosiya sukulu panjira, ndipo ankakhalira kunyumba ya masewera a pakompyuta kumsika. Anthu ankamutchula kuti Injiniya chifukwa sankayenda opanda sikuludiraiva m'thumba. Zomwe anakonza zinali zochepa kuyerekeza ndi zomwe anamasula.

"Bwanji nkhope ngati wameza ndimu?" anafunsa.

Kamphepo anamulozera kamzere kaja. Injiniya anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Ndiye ukulira zimenezi? Tamvera. M'bokosi umu muli kachitsulo kakang'ono ngati chidindo. Dzina lake purosesa. Ndiko ubongo wa kompyuta. Opanga amakamanga miyendo dala kuti kaziyenda mwaulemu, anthu azigula zodula. Koma pali khomo lakumbuyo. Poyatsa umadina batani ili, umalowa muja muli manambala. Ukweze nambala ya liwiro, uwonjezere magetsi pang'ono, basi. Ife timati ovakiloko. Bulu amasanduka hatchi."

"Siingawonongeke?"

"Kuwonongeka chiyani? Anthu akuchita dziko lonse lapansi. Taona."

Anatulutsa foni, n'kumuonetsa kanema wa munthu wina akuchita zomwezo. Kompyuta ya munthuyo inali yonyezimira, ya mafani ambiri, koma Kamphepo sanayang'ane zimenezo. Ankayang'ana manambala akukwera.

"Kungoti kamatenthako," anatero Injiniya akubweza foni m'thumba. "Pita kwa Amayi a Mawaya, okonza makompyuta aja, ukatenge kaphala koziziritsa kaja, upake pamwamba pa purosesa. Kompyuta ikamazima yokha usaope, ndi kamlonda kamene kali mkatimo. Kamantha kwambiri. Ungokathimitsa."

Atatero anatuluka, poti anzake ankamudikira kumpira.

3. Amayi a Mawaya

Shopu ya Amayi a Mawaya inali kuseri kwa msika, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza nsapato. Munali mopanikiza. Makompyuta akufa anasanjikizana mpaka kudenga, mawaya akulendewera ngati mizu ya kachere. Mwini wake anali mayi wachikulire wa imvi m'mbali, wovala magalasi okhala ndi chingwe. Ndi iwo amene analumikiza kompyuta ya bambo a Kamphepo.

"Kaphala koziziritsa?" anafunsa akuvula magalasi. "Bambo ako ndi amene akutuma?"

"Ayi. Ndi ine."

"Ukufuna upake pati?"

Kamphepo sanafune kunena, koma maso a mayiwo anali osabisirika kanthu. Anafotokoza zonse: mpikisano, kamzere, ndi nzeru za Injiniya. Amayi a Mawaya anaika pansi chowotcherera chawo, n'kumulozera kampando.

"Khala pansi, mwana wanga, undimvere. Zimene wakuuza msuweni wakoyo si bodza lonse ayi. Purosesa imathamangitsidwadi. Koma amene amachita zimenezo amakhala ndi choziziritsa chachikulu ngati njerwa, ndi kabokosi ka magetsi kamphamvu. Amakweza pang'ono, n'kuyesa tsiku lonse, n'kukwezanso pang'ono. Ndipo amayesera pa chinthu chawo, choti chikafa salira.

"Bokosi la bambo ako ndinalilumikiza ndi manja angawa. Ndikulidziwa ngati mwana wobereka ndekha. Kafani kake n'kochepa. Kabokosi kake ka magetsi n'kotsika mtengo, kamangokwanitsa ntchito imene kali nayo, osati kuposa apo. Ndinawauza amayi ako tsiku lomwe ankagula kuti ichi n'chonyamula mtolo wa nkhuni, si chonyamula matumba a simenti. Ukawonjezera magetsi, kutentha kumakwera kuposa liwiro. Ukawonjezeranso, chinachake chiphulika. Ndipo kabokosi ka magetsi kakamafa sikafa kokha. Kamatenga anzake. Kakhoza kutenga bodi yomwe ziwalo zonse zimalumikizidwapo, kakhoza kutenga purosesa, kakhoza kutenga ngakhale disiki momwe muli ntchito yonse.

"Kamlonda kamene akuti uthimitseko ndi kamene kakusunga bokosilo. Kompyuta ikazima yokha ndiye kuti ikukuuza kuti yatopa. Kodi iwe mwana akamalira kuti watentha thupi, umamutseka pakamwa n'kunena kuti wachira?

"Makompyuta ukuwaona m'mashelefuwa, si onse anafa ndi ukalamba. Ambiri anaphedwa ndi anthu anzeru ngati iwe, a changu ngati iwe. Onse amabwera ndi mawu amodzimodzi: ndimangofuna ifulumire pang'ono. Kuthamanga si kufika, mwana wanga."

"Koma mpikisano ukutha lero," anatero Kamphepo.

"Ndiye uthamange ndiwe, osati makina. Pita kwa aphunzitsi ako panopa ndi zithunzi zakozo. Ukawauze zoona, kuti unachedwa. Mwina akumvera chisoni, mwina ayi. Akakana, chaka chamawa chiliko. Kapena bwera nazo mawa, makina anga aakuluwa akamaliza ntchito ya mwini wake, tidzakuphikire. Koma kaphala sindikupatsa. Ndikakupatsa ndiye kuti ndakutsegulira njira."

Kamphepo anathokoza ndi pakamwa pokha. Potuluka anafika pamphambano. Njira ya kumanja inkapita kusukulu. Anaganiza za anzake akumuona akupempha chifundo, iye amene aliyense ankati apambana. Anakhotera kumanzere.

4. Bulu asanduka hatchi

Atafika kunyumba anatseka chitseko. Anazimitsa kompyuta, n'kuyatsanso akudina batani lija. Pasikirini panabwera tsamba lomwe anali asanalionepo, lodzaza mawu achilendo ndi manambala. Anapeza nambala ya liwiro. Anaikweza pang'ono.

Kompyuta inayaka bwinobwino. Anayambanso kuphika, ndipo kamzere kanayenda mooneka ndi maso. Kamphepo anawomba m'manja yekha.

"Akuluakulu ndi mantha basi," anatero.

Koma atayang'ana dzuwa pawindo, anaona kuti liwirolo silikwanabe. Anabwerera kutsamba lija. Anakwezanso, ulendo uno kwambiri.

Kafani kanayamba kukuwa. Kamzere kanathamanga, kenaka sikirini inangoti bii. Kompyuta yazima yokha.

Anadikira pang'ono, n'kudina batani. Inayaka. Pasikirini panali mawu ofiira ochenjeza kuti purosesa yatentha kwambiri. Apa mpata wobwerera unalipo. Akanatha kubweza manambala onse m'malo mwake, palibe amene akanadziwa.

Kunja kunadutsa atsikana awiri a m'kalasi mwake, akuseka, akulowera kusukulu. Mmodzi anali atakoleka m'khosi fulashi, kachipangizo kosungiramo ntchito za pakompyuta.

Kamphepo anafufuza kamlonda kaja mpaka anakapeza. Anakathimitsa. Anapeza nambala ya magetsi, naikweza. Poona kuti palibe chachitika, anaikwezanso. Anatenga mpeni wa kukhitchini n'kumasula chivundikiro cha m'mbali kuti mphepo izilowa. Kenaka anagwada pansi ndi chivundikiro cha poto, n'kumakupiza.

Kamzere kanadutsa pakati. Kanapitirira. M'bokosimo munkatuluka mpweya wotentha ngati wa mu uvuni, ukumuwomba kumaso. Thukuta linali kamukamu, mkono ukuwawa, koma sanasiye kukupiza.

"Pirira," ankatero. "Pirira pang'ono, watsala pang'ono."

Fungo linayamba pang'onopang'ono, longa la pulasitiki yogwera pamoto. Analimva. Anayang'ana pulagi pakhoma. Anayang'ana kamzere, komwe kanatsala kachidutswa kochepa ngati chikhadabo. Dzanja lake silinapite kukhoma.

Phwaa!

Kuseri kwa bokosi kunang'anima moto wobiriwira. Kautsi kakuda kanatuluka, n'kukwera pang'onopang'ono kudenga. Kafani kanazungulira kangapo, n'kuima.

M'nyumba munangoti zii.

5. Utsi

Kamphepo anadina batani. Palibe. Anazula pulagi, n'kubwezera, n'kudinanso. Palibe. Anasintha soketi. Anapemerera mkati. Anadina mpaka chala chinachita dzanzi.

Anathamangira kwa mayi woyandikana nawo nyumba kukabwereka foni, n'kuimbira msuweni wake. Injiniya anayankha pakati pa phokoso la mpira.

"Yaphulika? Iwe, unakweza bwanji? Ine ndinati pang'ono!"

"Unati ndithimitse kamlonda!"

"Aaa, ine ndimangocheza. Komanso ine bokosilo sindinalikhudze. Dzina langa lisamveke kwa amalume, wamva?"

Foni inaduka.

Kamphepo anabwerera m'nyumba. Anatsegula mawindo onse. Anabwezera chivundikiro, n'kumanga bwinobwino. Anapukuta mwaye kuseri kwa bokosi ndi kansanza, kansanzako n'kukataya kudzala. Anakolopa pansi ndi sopo wonunkhira. Koma fungo lija linakana kuchoka. Linali m'makatani, m'mipando, ngakhale m'tsitsi lake.

Za mpikisano sanaziganizirenso. Atsikana aja anadutsanso pobwerera, mmodzi n'kukuwa, "Kamphepo, aphunzitsi amakufunsa! Atseka!" Iye anabisala kuseri kwa chitseko mpaka mawu awo anazimirira.

Dzuwa litapendeka, bambo ndi amayi anafikira limodzi, atakumana pokwerera basi. Bambo ankaoneka opepukidwa.

"Akulu aja akupezako bwino," anatero akuvula jekete. "Adya, alankhula. Tsopano ndimalize tsamba lomaliza la magazini ija, mawa ndipume ngati bwana."

Amayi anaima pakati pa balaza, akununkhiza. "Chapsa n'chiyani muno?"

Bambo anali atadina kale batani. Anadinanso. Anawerama, n'kuyandikitsa mphuno kuseri kwa bokosi. Atadzuka, nkhope yawo inali ina.

Sanakuwe. Anakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kutsamira khoma.

"Simunasunge pena ntchito ija?" anafunsa amayi chapansipansi.

"Fulashi ndinali nayo imodzi," anayankha. "Ndinafufuta zanga, n'kumupatsa mwanayu kuti aikemo kanema wake."

Amayi anagwira pakamwa. Fulashiyo inali m'thumba la siketi ya Kamphepo, yopanda kanthu.

"Zithunzi za ana a eni ake," anatero bambo, akulankhula ngati ali okha. "Ena anabweretsa chithunzi chimodzi chokhacho, ndinajambula n'kubweza, ena anachoka kale pasukulupo. Munthu anandikhulupirira. Anasiya makampani a maina, n'kubwera pakhomo pano. Lolemba ndikamuuza chiyani? Ndani adzandipatsenso ntchito?"

Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

"Kamphepo, mwana wanga, usaope. Tandiuza mmene zinachitikira. Unaichita kanthu?"

Anafunsa mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunamulemera. Bambo akanakalipa, mwina Kamphepo akanalira n'kuulula. Anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Ayi, Bambo. Inangophulika yokha."

6. Kuseri kwa msika

Bambo anaimirira, maso atafiira.

"Yokha," anatero. "Ndiye kuti mayi uja anatigulitsa chinthu chowola. Anaona mkazi wosadziwa za makompyuta, n'kumusenzetsa zinyalala."

"Ndine ndinalakwa," anatero amayi, misozi ikutsika. "Ndikanafunsa kaye kwa ena. Ndinataya makina anga chifukwa cha chitsulo chakufa."

"Simunalakwe inu. Wolakwa alipo, ndipo lero andidziwa. Anthu onse a kumsika amve kuti pamenepaja pamagulitsidwa chiyani." Anazula mawaya mwaukali. "Kamphepo, gwira mbali iyo. Iwe ndiye mboni. Ukanene zomwe wandiuzazi pamaso pake."

"Bambo, mwina tidikire mawa..."

"Gwira!"

Anatuluka atanyamulizana bokosilo, bambo patsogolo, iye pambuyo, amayi akutsatira. Silinali lolemera, koma manja a Kamphepo ankaterera ndi thukuta. Njira yonse ankafuna kuulula. Akafuna kunena pakona iyi, ankati ndinena pakona inayo. Makona anatha.

Kumsika anthu anali asanaweruke. Poona mmene bambo ankayendera, ena anasiya malonda n'kuwatsatira. Wometa tsitsi anatuluka ndi lumo m'manja. Wokonza nsapato anaimika nyundo.

Bambo anatsitsa bokosi patebulo la Amayi a Mawaya mwamphamvu, timisomali n'kudumpha.

"Mayi, ndinkakulemekezani," anayamba, mawu ali pamwamba kuti onse amve. "Mkazi wanga anabwera kwa inu ndi zonse zomwe anali nazo. Inu n'kumupatsa bomba loti likaphulike m'nyumba mwanga, mwana wanga ali pomwepo! Bwenzi lero tikunena zina! Anthu inu, samalani ndi shopu iyi!"

Anthu anayamba kung'ung'udza. Mnyamata wina yemwe anabweretsa kompyuta yake kuti ikonzedwe anaitenga patebulo, n'kuikumbatira.

Amayi a Mawaya anavala magalasi awo. Anayang'ana timisomali ta chivundikiro, tomwe mitu yake inali yokalikakalika ndi mpeni. Anamasula, nasuzumira mkati, n'kukhudza malo akuda pabodi. Anapukuta chala pa epuloni yawo pang'onopang'ono.

Kenaka anadzutsa mutu. Sanayang'ane bambo, sanayang'ane gulu la anthu. Maso awo anadutsa onsewo n'kukaima pa mtsikana amene anabisala kumbuyo kwa amayi ake.

"Bambo, mawu anu ndawamva, ndipo anthu onsewa awamva," anatero mosakweza mawu. "Dzina langa ndi lokhalo limene ndili nalo pamsika pano. Musanapitirize, pali munthu mmodzi woti alankhule."

Anavula magalasi aja, n'kuwasiya alendewere pachifuwa.

"Mwana wanga, uwauza ndiwe, kapena ndiwauze ndine?"

Bambo anatembenuka, n'kuyang'ana Kamphepo.